Laputopu Siizima Mwanjira Imodzi

Pa mapepala amene mtsikana wina wa kuno ku Mtakataka anabwera nawo kuchokera kumene amaphunzira zokonza makompyuta, mawu a Chingerezi akuti troubleshooting anali atamasuliridwa kuti "kuthetsa mavuto". Pansi pake panali mndandanda wa zochita: yatsaninso makina, fufuzani mavairasi, sinthani tchaja, ikaninso Windows. Mtsikanayu anali ndi laputopu ya HP ya mphunzitsi wina wa cha ku Mua. Inali itapita kutauni kukasinthidwa kiyibodi ndi kuchotsedwa fumbi, ndipo chibwerereni inkagwira ntchito mphindi zochepa n'kuzima. Iye anatsatira mndandanda wonse mpaka kufomata. "Aphunzitsi," anatero kwa ine, "zonse zimene anatiphunzitsa ndachita, koma ikungozimabe. Ndiye kuthetsa mavutoko n'kuti?"

Funso limeneli ndi la chiyankhulo lisanakhale la zamagetsi, ndipo mtsikanayo sanalakwe kulifunsa.

"Kuthetsa mavuto" kumatchula kofikira, sikutchula njira. Mfumu ikaweruza mlandu wa malire a munda yathetsa vuto. Wobweza ngongole wathetsa vuto. Wophunzira akamva mawu amenewa amaganiza kuti ntchito yake ndi kuchita kanthu, kalikonse, mpaka vuto lichoke, n'chifukwa chake amathamangira kufomata. Chonsecho mawu a Chingereziwo anayambira pa amisiri oyenda motsata mawaya a telefoni ndi telegalafu, kufunafuna pamene waya waduka. Ntchito yawo yaikulu inali kupeza malo; kulumikiza kunali kwa kanthawi kochepa. M'mabuku a malangizo omasuliridwa ndi makina pa intaneti mumakumananso ndi "kusaka zolakwika". Apa pali bwinoko, koma wosaka amalowa m'tchire paliponse, kumenya chitsamba chilichonse. Ine ndimakonda "kulondola vuto". Wolondola amayambira pamene chinthu chinaoneka komaliza chili bwino, n'kutsata phazi ndi phazi. Laputopu imene inali yabwinobwino isanatsegulidwe, n'kuyamba kuzima itatsekedwa, mapazi ake amayambira pa manja a amene anaitsegula. Anamasula chiyani? Anazula chiyani? Anabwezera chiyani, ndipo anabwezera bwanji? Windows sinakhudzidwe ndi sikuludiraiva, ndiye kuifufuta kunali kulanga wosalakwa.

Koma mawu amene andigwira mtima kwambiri pa nkhaniyi ndi mneni wamba uja, "kuzima". Kasitomala aliyense amafika ndi chiganizo chimodzi: "Yangozima yokha." Mmisiri amagwedeza mutu, amalemba pa kapepala kuti shutting down, basi nkhani yatha. Pamenepo ndi pomwe umboni wonse umatayikira, pakuti laputopu ili ndi mazimidwe angapo, ndipo lililonse limaloza kwake.

Pali kuzima kwa dongosolo. Mapulogalamu amatsekedwa limodzilimodzi, pa sikirini pamabwera uthenga, kenaka mdima. Apa pali chimene chazimitsa makinawo: mwina Windows ikumaliza kuika zatsopano, mwina batire yatsika kufika pa mlingo umene anaikira kuti izitseka. Tsinde ndi lomwelo, -zim-, koma talowetsa msintho wochititsa, ndipo funso lolondola limabadwa lokha: wazimitsa ndani?

Pali kwina kumene makina amadzizimitsa. Purosesa ili ndi tizipangizo toyeza kutentha mkati mwake. Mapurosesa ambiri a Intel a m'malaputopu malire awo ali cha pa madigiri 100. Ikayandikira pamenepo imayamba yachepetsa liwiro, n'chifukwa chake makina amalemera kaye. Zikakanika, imadula moto yokha kuti isapse. Mwana aliyense wa Sitandade 7 amadziwa mneni wodzichitira, ka -dzi- kaja ka mu "kudziteteza" ndi "kudzibisa". Ndikati "laputopu yadzizimitsa" ndanena zinthu zitatu m'mawu amodzi: palibe munthu anaigwira, sinafe, ndipo yachita dala pothawa china chake. Chingerezi chimafuna mawu awiri, thermal shutdown kapena thermal protection, kuti chinene zomwezo, ndipo wophunzira wathu amawaloweza osamva kuti akunena za makina odziteteza. Zizindikiro zake zimadziwika: fani imabangula, kapenanso ili ziii osazungulira, kunsi kumatentha, mukaiyatsa nthawi yomweyo imazima msanga kuposa poyamba, mukaisiya izizire imakhalitsako, m'mawa imapirira, masana imalephera.

Kuduka kwa moto ndi nkhani ina. Amisiri athu amatcha magetsi "moto", ndipo amati "sikulandira moto", "moto sukufika pa bodi". Moto ukaduka palibe chenjezo, palibe kulemera, ndipo nthawi ilibe ntchito. Izi zimachitika mukainyamula, mukapinda sikirini, mukazula tchaja. Pambuyo pa kukonza, wolakwa kawirikawiri amakhala pulagi ya batire imene sinalowe mpaka kumapeto, waya wopanikizika pa hinji, kapena kasikuluwu kotsalira mkati kamene kakugubuduka n'kumachititsa shoti. Palinso kukomoka, pamene sikirini imasanduka yabuluu, makina n'kudziyatsanso. Apa woyamba kumukayikira ndi RAM imene sinakhale bwino m'malo mwake. Ndiye pali kuuma, kumene achinyamata amati "yahang'a": chithunzi chilipo koma palibe chikuyenda. Kufa ndi kupsa n'zomaliza, ndipo mawu awiriwa sayenera kutuluka pakamwa pa mmisiri asanayeze, chifukwa mwini wake akangomva kuti "bodi yapsa" amataya mtima n'kugulitsa makina abwino pa mtengo wa masipeyala.

Taonani kuti pa zonsezi sindinapeke mawu ngakhale amodzi. Kuzimitsa, kudzizimitsa, kuduka moto, kukomoka, kuuma, kupsa: onse ali kale m'kamwa mwa agogo a ku Golomoti amene sanagwirepo kompyuta. Chimene chikusowa ndi kugwirizana kuti pa ntchito imeneyi liwu lililonse likhale ndi gawo lake. Ngakhale Windows yeniyeniyo siisiyanitsa bwino. Mukatsegula Event Viewer pambuyo pa kuzima kwadzidzidzi mumapeza uthenga wa Kernel-Power, nambala 41, umene umangonena kuti makina anayakanso asanatsekedwe mwadongosolo. Sunena chifukwa. Kutentha, batire, shoti, zonse zingasiye nambala yomweyo. Malaputopu a HP amathandizako: akamayaka amatha kuonetsa 90B fani ikakhala kuti sikuzungulira bwino, kapena 90D makina akakhala kuti anadzizimitsa chifukwa cha kutentha. Koma umboni woyamba uli ndi mwini laputopu, ndipo umatuluka pokhapokha afunsidwe m'chiyankhulo chimene amasiyanitsira zinthu.

Mtsikana uja atabwerera kwa aphunzitsi a ku Mua ndi mafunso amenewa, yankho linali lakuti makinawo amayamba aphokosera, kenaka amalemera, ndipo masana ndiye sachedwa. Anali kudzizimitsa. Potsegula anapeza kuti amene anachotsa fumbi anazulanso heatsink, chitsulo chamkuwa chija chimene chimakhala pamwamba pa purosesa, n'kuchibwezera pa pesiti yakale youma ndi yong'aluka.

Apa tafika pa liwu lina lovuta. Kodi thermal paste tiitche chiyani? Ndamvapo ena akuti "phala", ena "girisi", ena "mankhwala" chabe. Dzina lililonse pa atatuwa limaphunzitsa dzanja chinthu cholakwika. Phala ndi chakudya, ndipo chakudya chikachuluka ndiye bwino. Wotcha pesiti phala amaunjika mpaka kusefukira m'mbali mwa purosesa. Girisi ndi wofewetsa zitsulo zozungulira, ndipo wophunzira amene wamva dzinali sadzaona cholakwika kutapa girisi wa njinga pamene pesiti yasowa. Ngakhale liwu la Chingerezilo lili ndi msampha wake: paste yomweyo ili mu dzina la mankhwala otsukira mano, ndipo alipo amene amafinyira kolugeti pa purosesa. Amagwira masiku ochepa chifukwa ali ndi madzi. Akauma, makina amayambiranso kudzizimitsa, ndipo mwini wake amati mmisiri anamubera chitsulo.

Ntchito ya pesiti ndi yochepa koma yosalumphika. Pamwamba pa purosesa ndi pansi pa heatsink pamaoneka posalala, koma pali timaenje tosaoneka ndi maso, ndipo m'timaenjemo mumatsala mpweya. Pa muyeso umene akatswiri amayezera kayendedwe ka kutentha m'zinthu, mkuwa uli cha pa 400, pesiti wamba ili pakati pa 1 ndi 10, mpweya sufika ndi pa 0.03 pomwe. Manambalawa akunena zinthu ziwiri nthawi imodzi. Pesiti imaposa mpweya kutalitali, ndiye iyenera kukhalapo. Koma imachepera mkuwa kutalitali, ndiye ikakhuthala imasanduka chotchinga. Iyenera kulowa m'timaenje basi, zitsulo ziwirizo n'kukhudzana.

Ife tili ndi mneni wonena zimenezi ndendende: kuzira. Mayi wozira khonde amayamba wasesa zofumbutuka zakale, amatenga dothi pang'ono, amalipyapyalitsa ndi dzanja kuti litseke ming'alu, ndipo sawunjika. Mukamuuza wophunzira wa kuno kuti "pukuta yakale ndi sipiliti, uzire yatsopano", dzanja lake likudziwa kale mlingo. Ndiye maganizo anga ndi awa: dzina tibwereke, likhale "pesiti", monga mmene lalembedwera pa kachubu kamene adzagule, koma mneni ukhale wathu. Masikuluwu a heatsink nawo ali ndi manambala pambali pake, 1, 2, 3, 4, ndipo amamangidwa mopingasa, pang'onopang'ono, kuti chitsulo chikhale mofanana mbali zonse. Palibe chifukwa chonenera zimenezi m'Chingerezi.

Ndikudziwa kuti anzanga okonda Chichewa chenicheni sadzakondwa ndi "pesiti", "fani", "purosesa" ndi "batire". Amafuna "chokupizira mphepo", "ubongo wa kompyuta", "nkhokwe ya moto". Ndimalemekeza chikondi chawo pa chiyankhulo, ndipo ndili nacho inenso, koma pa mayina a zitsulo sindili nawo limodzi. Mnyamata wa ku Mtakataka akakwera minibasi pa msewu wa M5 kupita ku Salima kapena ku Balaka kukafuna fani ya Dell Latitude, ayenera kunena liwu limene wogulitsa alimve, limenenso angalilembe pa foni pofunafuna nambala ya chitsulocho. "Ubongo wa kompyuta" ndiye umasokonezanso: ubongo umaganiza ndiponso umakumbukira, pamene mu kompyuta kuwerengera ndi kwa purosesa, kugwirizira kwa kanthawi ndi kwa RAM, kusunga ndi kwa hadi disiki kapena SSD. Anthu amasokoneza kale ziwiri zomalizazi, n'kumati "memory yadzaza" osadziwika kuti akunena iti. Tisawonjezere chifunga.

Amene amapeka mayina amakonda kutchula maiko ena, ndipo zitsanzo zawo n'zoona. Afalansa ali ndi ordinateur, liwu limene Jacques Perret anapereka kwa kampani ya IBM mu 1955. Ku Iceland kuli tölva, la mu 1965. M'Chiswahili muli tarakilishi, ngakhale kuti mumsewu ambiri amangoti kompyuta. Koma mawu a ku France ndi ku Iceland anamera chifukwa anafika chinthucho chisanafale, ndipo sukulu, nyuzipepala ndi mabuku a malangizo zonse zinawanyamula. Kwathu kuno laputopu inafika kale ndi dzina lake. Mawu athu amene anagwira ndi amene anthu anawaona kuti ndi opepuka ndi olunjika: "foni ya m'manja", "njinga yamoto", "masamba a mchezo". Palibe komiti imene ingakakamize "chokupizira mphepo" pamene "fani" ili ndi maphatikizo awiri.

Komanso sindili ndi gulu linalo, la amene amati zaukadaulo zonse zisiyidwe m'Chingerezi chifukwa Chichewa n'chosauka. Taona kale kuti pa nkhani ya kuzima chosauka si Chichewa. Chimene chimachitika wophunzira akaphunzira zonse m'chiyankhulo chimene sachimva mokwanira n'chakuti amaloweza mndandanda m'malo moganiza. Amadziwa kulemba kuti overheating pa mayeso, koma sadziwa kufunsa mayi wobwera ndi laputopu ya mwana wake kuti, "Mayi, imazima nthawi yanji? Isanazime imalira? Mukaiyatsanso imakhala nthawi yaitali bwanji?" Mayina a zitsulo angathe kulowezedwa m'chiyankhulo chilichonse. Kulondola ndi kuganiza, ndipo munthu amaganiza msanga m'chiyankhulo cha kwawo.

Mbiri ya ndondomeko zathu za chiyankhulo yasiya mpata umenewu wopanda mwini. Mu 1968 Chichewa chinalengezedwa kukhala chiyankhulo cha fuko, Chingerezi n'kukhalabe cha ntchito za boma. Bungwe la Chichewa Board, limene linakhazikitsidwa mu 1972, linathera mphamvu zambiri pa malamulo a kalembedwe ndi kuwongola zolakwika pa wailesi. Mu 1996 ntchitoyo inapita ku Centre for Language Studies ya Yunivesite ya Malawi ku Zomba, imene inatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000, buku limene tiyenera kunyadira. Chaka chomwecho cha 1996 boma linalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'ziyankhulo za kwawo, koma lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chophunzitsira. Pa mkangano wonsewu maso akhala ali pa mwana wa pulayimale. Za mnyamata kapena mtsikana wa zaka 20 amene wagwira sikuludiraiva, sizikambidwa kawirikawiri. TEVETA, imene ikuyang'anira maphunziro a ntchito zamanja kuyambira 1999, ndiyo ili pafupi kwambiri ndi anthu amenewa, ndipo ndi kumene ndikanakonda kuona ntchito ya mawu ikuyambira.

Ntchitoyo si yokhala mu ofesi n'kumapeka. Pa Mua pomwepa tili ndi chitsanzo cha kachitidwe kake. Bambo Claude Boucher, amene anayambitsa malo a zachikhalidwe a Kungoni mu 1976, anatha zaka zambiri akumvetsera eni ake a gule wamkulu, kulemba mayina a zilombo ndi matanthauzo ake monga mmene eni akewo ankanenera, ndipo lero m'nyumba yosungiramo zachikhalidwe ya Chamare muli chuma cha Achewa, Angoni ndi Ayao. Akatswiri a chiyankhulo akhale pansi chimodzimodzi m'tizipinda ta amisiri a mafoni ndi makompyuta ku Lilongwe, ku Limbe, ku Mzuzu, ndi pa Katondo Street ku Lusaka kumene Chinyanja chimagulitsa ndi kukonza zamagetsi tsiku ndi tsiku. Alembe zimene akumva: kutchaja, kufomata, kufulasha, shoti, bodi, moto. Asankhe zimene zimaphunzitsa dzanja molondola, achenjeze pa zimene zimasocheretsa monga "phala" ndi "girisi". Ndipo poti m'mbali mwa nyanja muno Chiyao chimamveka tsiku lililonse, ntchito yomweyo ichitikenso m'Chiyao. Njira yake ndi imodzi.

Wina angati nkhani ya malaputopu ndi ya m'tauni, kuno ikutikhudza bwanji. Amene akunena zimenezo sanaone mmene dera lino lasinthira. Pa Golomoti pali malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20, okhala ndi mabatire osungira moto, amene anayamba kugwira ntchito mu 2022. Aphunzitsi, azaumoyo, alangizi a zaulimi ndi ophunzira a m'makoleji obwera kutchuthi ali ndi malaputopu, ambiri mwa iwo ogulidwa atagwirapo kale ntchito kunja, pesiti yake itauma kalekale. Ndipo malo athu ndi ankhanza kwa makina amenewa. Opanga malaputopu ambiri amalemba kuti azigwira ntchito pamalo osapitirira madigiri 35. M'nyumba ya malata ku Mtakataka, masana a mwezi wa Okutobala, malire amenewo sakhala patali. Pa boma la Dedza, pamwamba pa mapiri, n'pozizira. Mukatsika mtsetse wa Khwekhwerere mwatsika mamita pafupifupi 1,000 ndipo mwalowa dziko lina. Laputopu imene mmisiri wa kumtunda anaiyatsa kamphindi n'kunena kuti yachira ingathe kudzizimitsa tsiku lomwelo ikafika kuchigwa kuno. Fumbi la chilimwe limatseka fani msanga, ndipo ambiri amagwiritsa ntchito laputopu ili pa bedi kapena pa mphasa, mabowo a mpweya atatsekeka.

N'chifukwa chake liwu lakuti "kuyesa" nalonso liyenera kukhwimitsidwa. Kwa amisiri ambiri kuyesa ndi kudina batani n'kuona chizindikiro cha Windows. Kumeneko ndi kuyatsa. Kuyesa ndi kuisenzetsa ntchito yolemera kwa kanthawi ndithu, pulogalamu yonga HWMonitor kapena Core Temp ili yotsegula, n'kumayang'ana ngati madigiri akukwera n'kukhazikika, kapena akungokwerabe kulowera ku 100. Ndi kuzula tchaja makina ali chiyakire, kuona ngati batire ikugwira. Ndi kuinyamula, kuipendeketsa, kutsegula ndi kutseka sikirini. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mmisiri wothamangira kulandira ndalama ndi amene amabwezeredwa katundu.

Pali zinthu ziwiri zimene zingachitike popanda kudikira lamulo latsopano la Nyumba ya Malamulo. Choyamba ndi kapepala kolandirira katundu, ka tsamba limodzi, kokhala ndi mafunso a m'Chichewa: Imazima mwadongosolo kapena mwadzidzidzi? Imayamba yalira kapena kulemera? Imazima mukaisuntha? Mukazula tchaja? Imadziyatsanso? Inatsegulidwapo, ndipo anasintha chiyani? Kumunsi mmisiri alembe chilichonse chimene wamasula, kuti wobwera pambuyo pake adziwe poyambira kulondola. Chachiwiri ndi pa mayeso a ntchito yamanja. Wophunzira awerenge buku la malangizo la HP kapena Lenovo m'Chingerezi, chifukwa ndi mmene adzalipezere pa ntchito, ndipo atchule zitsulo ndi mayina ake a pa bokosi. Koma woyesa akamufunsa chifukwa chimene wayambira pa heatsink osati pa Windows, aloledwe kuyankha m'Chichewa, ndipo malikisi apite pa kulondola kwake.